Ndinasamukira sukulu ina pakati pa Fomu 3, ndipo manyazi anandidyera teremu yathunthu

Bambo anga atamwalira mu Novembala 2022, abale anakhala pansi maliro atatha n'kugwirizana kuti ana atatufe atigawane, popeza amayi sakanatha kutiphunzitsa tonse ndi ndalama za kumunda zokha. Amalume ndi amene anatsogolera zokambiranazo, ndipo ine, pokhala woyamba kubadwa, anandipereka kwa azakhali amene amakhala ku Blantyre, m'dera lina la kufupi ndi Limbe. Pa nthawiyo n'kuti ndili mu Fomu 3, teremu yoyamba, pa sukulu yoyendera ya kwathu ku Ntcheu, imodzi mwa zimene timazitcha kuti CDSS, ndipo ndinali nditakhoza bwino mayeso a JCE chaka chomwecho. Ndikulemba izi poganizira ophunzira amene akusamukira sukulu ina chaka chili pakati, pamodzi ndi makolo kapena abale amene akuwasamutsa, chifukwa zambiri mwa zimene zinandivuta zikanapeweka pakanakhala wondiuza.

Cholakwa choyamba tinachichita ndisananyamuke n'komwe. Sukulu zitatsekera tchuthi cha Khirisimasi ndinalongedza zovala ndi makope m'chikwama, amayi anandimangira mbatata ya kachewere ndi nyemba zokapatsa azakhali, ndipo ndinakwera minibasi pa boma la Ntcheu kudzera pa Chingeni, Zalewa ndi Lunzu mpaka kukatsikira ku Blantyre. Palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anaganiza zokatsanzika kwa ahedi kapena kukafunsa za mapepala. Tinkaona ngati sukulu ya boma ndi ya boma basi, ndipo mwana amene ali ndi malo ku Ntcheu akhoza kungolowa m'kalasi kulikonse m'dziko muno.

Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe ndi masabata awiri chifukwa cha mliri wa kolera. Masabata amenewo akanatikwanira kukonza mapepala onse, poti kwathu ku Ntcheu sukulu zinali zitatsegulidwa ndipo ahedi anga akale anali pa ntchito, koma ife tinangokhala pakhomo kudikira tsiku. Litafika, azakhali anandiperekeza choyamba ku sukulu ina yaikulu ya boma imene ankailakalaka, ndipo kumeneko anatiuza mwaulemu kuti wophunzira amene anasankhidwira ku CDSS amasamukiranso ku CDSS, pokhapokha ngati akufuna kulowa gulu la madzulo la opeini, lomwe ndi lolipira ndithu. Azakhali anawerengera ndalama zawo za bizinesi ya kaunjika n'kuona kuti sizingatheke. Tinatembenuka kupita ku CDSS ya m'dera lathu, kumene achiwiri kwa ahedi anatilandira n'kutiwerengera zofunika: kalata yochokera kwa ahedi a sukulu imene ndachokera, lipoti la teremu yapitayo, umboni woti ndinakhoza JCE, ndiponso chilolezo cha ofesi yoyang'anira maphunziro a sekondale m'chigawo. Pa zinthu zinayi zimenezi ine ndinalibe ngakhale chimodzi.

Ndinabwerera ndekha ku Ntcheu. Ulendo umodzi unkadya pafupifupi K7,000 masiku amenewo, osawerengera njinga ya kabaza yochokera pamsewu kukafika kumudzi. Nditafika ndinapeza ahedi atapita ku msonkhano, ndinawadikira masiku awiri, ndipo atabwera anatsegula kaundula n'kundikumbutsa kuti ndinali ndi ngongole ya ndalama za chitukuko cha sukulu komanso buku la Bayoloje la mulaibulale limene ndinali ndisanabweze. Sanalakwe kukana kusaina mpaka zonsezi zitatheka. Bukulo ndinali nditabwereketsa mnzanga wa mudzi wina, choncho tsiku lachitatu linathera m'njira kulifunafuna, ndipo ngongoleyo amayi anailipira atagulitsa nkhuku ziwiri. Kenaka panali kudikira chilolezo cha ku ofesi, kumene azakhali anapitako maulendo atatu, nthawi iliyonse akutseka benchi yawo ya kumsika. Tikaphatikiza zoyendera, ngongole, yunifolomu yatsopano ndi ndalama zolipira pa sukulu yatsopanoyo, tinawononga ndalama zoposa K50,000 ine ndisanakhale pansi m'kalasi, ndipo ndinayamba kuphunzira sabata yachiwiri ya Febuluwale, anzanga ataphunzira kale pafupifupi mwezi wathunthu.

Amene mukuganiza zosamutsa mwana, yambani mwakafunsa ku sukulu imene mukufuna ngati malo alipo ndiponso mapepala amene akufunika, kenaka katengeni kalata ndi lipoti teremu isanatsekedwe, aphunzitsi adakali pa sukulu. Mwanayo abweze mabuku onse ndipo ngongole iliyonse ithetsedwe asanachoke. Ndikanadziwa zimenezi mu Disembala, mwezi uja sukanatayika.

Cholakwa chachiwiri, chomwe chinali chachikulu kuposa choyamba, ndinachichita ndekha ndi mawu amodzi. Pondilemba m'kaundula, achiwiri kwa ahedi anandifunsa osadzutsa mutu kuti, "Fizikisi ndi Kemisitile umaphunzira?" Ine ndinayankha kuti, "Inde." Silinali bodza lenileni, chifukwa maphunziro awiriwa ndinawalemba pa JCE ndipo anali pa ndandanda yathu ya Fomu 3. Chimene sindinanene n'chakuti mphunzitsi yekhayo amene ankatiphunzitsa maphunzirowa ku Ntcheu anasamutsidwa teremu yoyamba itangoyamba, ndipo nthawi ya Kemisitile ikakwana tinkangokhala pansi pa mtengo wa mango kuwerenga zina. Ndinaopa kuti ndikanena zimenezi andiona ngati mbuli ya kumudzi, kapenanso andibweza ku Fomu 2. Sukuluyo inali ndi makalasi awiri a Fomu 3, ina ya sayansi ndi ina ya maphunziro monga Mbiri ndi Baibulo, ndipo chifukwa cha yankho langa anandiika ya sayansi.

Tsiku loyamba ndimalikumbukira bwino. M'kalasimo munali ophunzira oposa 90, ndipo madesiki onse anali ndi eni ake kuyambira mu Okutobala, atatuatatu pa desiki imodzi. Mphunzitsi wa kalasi anandiimika kutsogolo nati ndidzitchule m'Chingerezi. Dzina ndinalitchula bwinobwino, koma nditangoti ndachokera ku Ntcheu, mnyamata wina wa kumbuyo anakuwa kuti, "Kachewere wafika!" ndipo kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mawu ena onse amene ndinakonzekera usiku anandithawa. Popeza panalibe malo, masiku atatu oyamba ndinakhala pa chidebe chakale cha penti pafupi ndi chitseko, kope lili pa mawondo, fumbi la choko likugwera pa siketi yanga yatsopano nthawi iliyonse akafufuta bolodi. Tsiku lachinayi atsikana awiri anasunthirana n'kundipatsa kansonga ka benchi.

Dzina la Kachewere linandikakamira, ndipo kalankhulidwe kanga ka kumudzi kankawaseketsa. Zinkandipweteka, koma ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti kusekako sikunali vuto lenileni, pakuti kunazilala pokha pasanathe mwezi. Choipa chake chinali chakuti kunanditseka pakamwa. Ndinadziuza kuti sindidzakwezanso mkono m'kalasi imeneyo, ndipo ndinasungadi lonjezo langa.

Pa Kemisitile anzanga anali atafika pa mawerengedwe a mamolo, zomwe zimafuna kuti munthu adziwe kale kulemba ndi kulinganiza maikwezhoni, ndipo ine ndinkangokopera zilembo ndi manambala a pa bolodi ngati munthu wojambula maluwa pa nsalu. Aphunzitsi akafunsa ngati tamva, ndinkagwedeza mutu pamodzi ndi onse. Pa Masamu panali vuto la mtundu wina limene sindinkaliyembekezera. Silabasi ndi imodzi m'dziko lonse, koma mphunzitsi aliyense amasanja mitu mwa njira yake, motero mitu ina imene ife tinaphunzira ku Ntcheu teremu yoyamba iwo ankaiyamba kumene, pomwe mitu ya makwadiratiki ndi malamulo a sekulo, imene ine ndinali ndisanaione, iwo anali ataimaliza kalekale. Zotsatira zake ndinkaoneka wanzeru pa zimene ndinkabwereza, aphunzitsi n'kumaganiza kuti ndili bwino, chonsecho m'mbuyo muli dzenje limene palibe ankalidziwa. Chimodzimodzi ndi mabuku a nthano ndi ndakatulo a Chichewa ndi Chingerezi: iwo anayambira buku lina, ife lina.

Apa ndi pamene ndikufuna wophunzira aliyense wosamuka amvetsetse. Sabata yoyamba, bwerekani makope a wophunzira amene amalemba manotsi mwadongosolo, muwaike pambali pa anu, phunziro ndi phunziro, n'kulemba pa pepala mitu yonse imene iwo anaphunzira koma inu ayi. Pepala limenelo mukalipereke kwa mphunzitsi wa phunzirolo. Sabata yoyamba aliyense amayembekezera kuti mlendo sadziwa zinthu, ndipo palibe amadabwa akafunsa. Pakatha miyezi iwiri, funso lomwelo limalemera, chifukwa umayamba wafotokoza chimene unakhalira chete nthawi yonseyo.

Kunyumba nakonso zinthu sizinali zophweka, ngakhale azakhali sanandizunzepo. Pokhala mtsikana wamkulu pakhomopo, ndinkadzuka cha m'ma 4 koloko kukaima pa mzere wa madzi pa kiyosiki, kusesa, kutenthetsa madzi osamba ndi kukonzekeretsa ana awo awiri, kenaka n'kuyenda pansi mphindi 40 kupita ku sukulu. Ndinkachedwa kawirikawiri, ndipo chilango cha ochedwa chinali kutchetcha udzu kapena kukolopa pamene ena akuphunzira phunziro loyamba, lomwe masiku atatu pa sabata linali Masamu. Madzulo magetsi ankazimazima kwambiri nyengo imeneyo, popeza malo opangira magetsi a Kapichira anali asanakonzedwe chiwonongekereni ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, choncho ntchito zikatha kunkakhala kuli mdima. Sindinadandaule kalikonse, chifukwa ndinkadziona ngati munthu wosungidwa amene ayenera kuthokoza basi. Usiku ndinkalira mwakachetechete kukumbukira bambo, nkhope nditaikwirira m'chitenje kuti ana ogona nawo chipinda asamve.

Nthawi ya buleki anzanga ankathamangira kukagula mandasi ndi chipisi, ine n'kutsala m'kalasi ngati ndikuwerenga, poti ndinalibe ndalama. Oyamba kundiyandikira anali atsikana atatu amene ankakonda kuthawa sukulu buleki ikatha, ndipo chifukwa chosowa wocheza naye ndinawatsatira kanayi kapena kasanu kukangokhala kumsika. Sanali anthu oipa mtima, koma ndinaphunzira kuti pa sukulu yatsopano amene amakhala ndi mpata wolandira mlendo msanga nthawi zambiri ndi amene satanganidwa ndi maphunziro.

Mayeso a pakati pa teremu anaulula zonse. Pa Kemisitile ndinapeza 14, pa Fizikisi 22, pa Masamu 31, ine amene kwathu sindinkatsika pa nambala 5. Mapepalawo ndinawapinda n'kuwabisa pansi pa chikwama, ndipo azakhali atafunsa ndinawauza kuti aphunzitsi sanamalize kuchonga.

Patangopita masiku ochepa, pakati pa Marichi 2023, kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera ena, ndipo anthu mazanamazana anamwalira m'chigawo cha kummwera. Kwa azakhali kunangogwa mpanda ndi bafa. Sukulu zinatsekedwa kwa masabata angapo, zina zitasanduka malo osungirako anthu amene nyumba zawo zinagwa. Titabwerera, m'kalasi munali zii, ndipo ambiri anabwera opanda yunifolomu.

Tsiku limenelo aphunzitsi a Kemisitile, bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, sanalembe kalikonse pa bolodi. Anati, "Amene makope anu anapita ndi madzi kwezani mikono." Mikono pafupifupi 15 inakwera, ndipo ine, mtima ukugunda, ndinakweza wanga. Makope anga anali ouma bwinobwino m'chikwama. Ndinangoona kuti kwa nthawi yoyamba kusowa manotsi sikunali chinthu chochititsa manyazi, ndipo ndinabisala m'tsoka la anzanga. Mpaka lero chimenechi sindinyadira nacho. Aphunzitsiwo anatiuza kuti tizibwera Loweruka m'mawa kuti abwereze nafe mitu ya teremu yoyamba, mwaulere.

Loweruka lachiwiri, mtsikana amene ndinkakhala naye desiki, yemwe nyumba yawo inagwadi ndipo ankagona kutchalitchi ndi banja lake, anandiyang'anitsitsa nati, "Iwe Kachewere, makope ako ndinawaona Lachitatu, sananyowe n'komwe. Ukufuna chiyani kuno?" Ndinasowa pothawira, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira za mphunzitsi wosamutsidwa uja mpaka za mapepala obisidwa m'chikwama. Ndinkayembekezera kuti akalengeza m'kalasi, koma iye anangondigwira dzanja n'kundikokera kwa aphunzitsi ena onse atatuluka.

Aphunzitsiwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti, "Mwana iwe, bwanji sunanene tsiku limene unabwera?"

"Ndinkachita manyazi, aphunzitsi."

"Chaka chilichonse timalandira ana ochokera ku sukulu zopanda mphunzitsi wa sayansi. Ukananena mu Febuluwale tikanaona chochita nthawi idakalipo. Mawa ubwere ndi makope ako onse a ku Ntcheu."

Anakumbukira kuti mawa lake linali Lamulungu n'kuseka, nati ndibwere nawo Lolemba. Anakhala nane mu ofesi ya aphunzitsi nthawi ya buleki, akutsegula tsamba ndi tsamba, ndipo anaitana aphunzitsi a Masamu kuti nawonso aone. Ntchito imene ndinkaiopa kwa miyezi iwiri inatha pa mphindi 20. Anandiuza mosabisa kuti kuthamangitsa Fizikisi ndi Kemisitile nthawi imodzi, kuphatikizapo dzenje la Masamu, sikungatheke, ndipo anandifotokozera zimene palibe anandifotokozerapo: kuti pa MSCE mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino koposa, kuti magiredi amayambira pa 1 kulekeza pa 9 ndipo kirediti imathera pa 6, ndiponso kuti ofuna kupita ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Tinagwirizana kuti ndisiye Fizikisi, nthawi yake ndiziigwiritsa ntchito pa Kemisitile ndi Masamu. Ndinatsala ndi maphunziro asanu ndi awiri.

Analemberanso azakhali kakalata kowapempha kuti abwere ku sukulu. Ndinakapereka manja akunjenjemera, pamodzi ndi mapepala a mayeso aja. Azakhali anawerenga, anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wa achimwene anga, ine ndimaona ngati zonse zili bwino poti sudandaula. Ndikanadziwa bwanji?" Kuyambira sabata imeneyo madzi tinayamba kutunga madzulo, ana anayamba kudzikonzekera okha, ndipo anandigulira tochi yotchaja ya K4,500 imene ndinawerengera mpaka kumaliza Fomu 4. Nthawi yonse ija ndinkawaona ngati munthu amene sangamve, chonsecho sindinawapatsepo mpata woti amve.

Kubwerera m'chimake kunatenga nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Teremu yachitatu ndinapezabe 38 pa Kemisitile, ndipo tchuthi chachikulu sindinapite ku Ntcheu kukaona amayi, zomwe zinandiwawa kwambiri, chifukwa ine ndi mnzanga uja tinkakumana tsiku lililonse kukopera manotsi ndi kuyankha mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo. Iye ankandiphunzitsa Kemisitile, ine n'kumamuthandiza Ulimi ndi Chichewa, ndipo apa ndi pamene ndinazindikira kuti kukulira kumunda kunandipatsa chinthu chimene ana a m'tauni analibe. Zimene iwo ankaloweza za kapangidwe ka manyowa ndi katalikidwe ka mizere, ine ndinali nditazichita ndi manja anga kuyambira ndili wamng'ono. Nditayamba kuyankha pa Ulimi m'kalasi, mnyamata uja anandipatsa dzina la Kachewere anayamba kubwereka kope langa.

Mu Fomu 4 panatsala kamsampha kena kamene osamuka ayenera kukadziwa. Polembetsa mayeso a MSCE, mndandanda wa mayina utabwera kuti aliyense atsimikize, ndinapeza kuti dzina la bambo anga linalembedwa mosiyana ndi mmene lilili pa zotsatira zanga za JCE, chilembo chimodzi chitasintha pamene ankandilemba m'kaundula tsiku lija. Ulendo uno sindinakhale chete. Ndinapita kwa aphunzitsi oyang'anira mayeso tsiku lomwelo ndi pepala langa la JCE, ndipo anakonza mayina asanatumizidwe ku MANEB. Yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina, tsiku lobadwa ndi maphunziro amene akulembetsani, chifukwa wosamuka amalembedwa kawiri ndi anthu awiri osiyana. Chaka chimenecho ndalama zinavutanso kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo fizi ya mayeso amalume ndi amene anatumiza atagulitsa matumba a kachewere.

Ndinalemba MSCE mu 2024 ndipo ndinapeza mapointi 24, Kemisitile 6, Masamu 5, Ulimi 2. Ndinakondwa, komabe mtengo wa yankho lija la "inde" ndinaulipira ndithu, pakuti kusowa kwa Fizikisi kunanditsekera maphunziro ena a sayansi amene ndinkawalakalaka ndili mu Fomu 2. Ndikananena zoona mu Febuluwale, mwina ndikanayamba kuthandizidwa msanga n'kusunga maphunziro onse awiri, kapena ndikanalowa kalasi inayo n'kupeza mapointi otsikirapo, omwe pa MSCE ndiwo abwino.

Chaka chotsatira azakhali anavomera kutenganso mlongo wanga wamng'ono, amene anali kumaliza teremu yoyamba ya Fomu 1 pa sukulu yomwe ija ya ku Ntcheu. Ndinapita ndekha kutatsala sabata imodzi kuti atsekere, ndinaonetsetsa kuti wabweza mabuku awiri a mulaibulale, ndinatenga kalata ndi lipoti lake, ndipo chilolezo chinatuluka tchuthi chisanathe. Madzulo a tsiku lake lachiwiri pa sukulu yatsopano tinayala makope ake ndi obwereka pa mphasa, tochi ija ili pakati, ndipo tinapeza mitu isanu ndi umodzi imene anali asanaphunzire, itatu ya Masamu, iwiri ya Jogalafe ndi umodzi wa Bayoloje. M'mawa mwake ananyamula pepalalo m'thumba la malaya, akung'ung'udza kuti anzake ayamba kale kumutcha Kachewere wamng'ono.